Mpanda wa Mkamwini Wanga

Ine ndi Amélia tinapangana kalekale, tidakali ku Ntcheu kumsasa wa othawa nkhondo, kuti mmodzi akadzatsogola, wotsalayo adzamusambitse, adzamuveke, adzamutulutse m'nyumba ali woyera. Tinalumbira tikuseka, poti tinali atsikana ndipo imfa tinkaiona ngati ya anthu ena. Koma pangano ndi pangano. Chaka chatha, mwezi wa Fevereiro, Amélia ananditsogolera, ndipo ine Otília, wogulitsa mbatatesi pamsika, ndinakhala mdzukulu pa maliro ake. Anzathu a Chinyungwe amati sabwira. Kaya mutchula bwanji, ntchito ndi yomweyo. Wosambitsa mtembo ndiwe, woyang'anira bokosi ndiwe, ndiponso wonyogodola malemuyo kuti anamfedwa asekeko pang'ono ndiwe. Pakamwa ndili napo, choncho ntchito imeneyo sindinaiope.

Amélia anali mkazi waukhondo wotopetsa. Ngakhale kapulana, chitenje chija, yopita nayo kumakala ankaisita. Ukamuchezera, usanamalize kumwa tiyi wayamba kale kupukuta pomwe unaika kapu. Ndinkamuuza kuti iwe, kumanda kulibe sopo, zolowereratu fumbi. Iye ankangoti, "Ndiye chifukwa chake ndinasankha iwe, ukandisiye bwinobwino."

Kuti mumvetse zimene zinachitika, mudziwe kaye malo athu. Titabwerera mtendere utabwera, sitinapite kwathu ku Tsangano. Tinatsikira kuno ku Tete kudzafuna geni, n'kupeza malo ku Matema. Nthawi imeneyo kunali mitengo ya masau, milambe, mbuzi ndi mchenga basi. Kumbuyo kwa nyumba ya Amélia kunkadutsa kakhwawa kouma kamene tinkakatchula kuti Kamchenga. Mvula ikagwa, nthaka inkayamba yamwa kaye, udzu n'kumwa, kenako otsalawo ankatsika m'khwawamo mwaulemu, madzulo ana n'kumaseweramo. Kenako kunabwera ndalama za malasha a ku Moatize. Ha! Aliyense malata, aliyense simenti pabwalo, aliyense mpanda wa mabuloko. Masau anadulidwa, milambe inatsala yowerengeka. Malo atatha kumtunda, anthu anayamba kugula m'khwawa momwemo, ndipo ankagula mu Outubro, dzuwa likuswa mtengo, pamene munthu sungakhulupirire kuti pansi pano panadutsapo dontho. Tsopano mvula ikagwa ilibe poti ilowe. Denga limapatsira bwalo, bwalo limapatsira njira, ndipo madzi a bairo yonse, dera lathu lonseli, amafika kumunsi nthawi imodzi.

Mmodzi mwa ogula m'khwawawo anali mkamwini wanga Sebastião, mwamuna wa mwana wanga Deolinda, bambo a kamdzukulu kanga Yara. Amayendetsa zimakina ku mgodi, ndipo akavala nsapato zake zachitsulo amayenda ngati msewu anamanga ndi iye. Anagula kumunsi kwenikweni kwa Amélia, pakati pa nyumba yake ndi ngalande yaikulu ya kumsewu. Anakwirira khwawa ndi zigumu, anathira simenti bwalo lonse, anazunguliza mpanda wautali wa mabotolo osweka pamwamba, n'kuika geti lachitsulo lobiriwira. M'katimo anamangira Deolinda baraka yogulitsiramo shuga, ufa, sopo ndi mafuta. Madzi a Kamchenga anawasiyira kapaipi pansi pa mpanda, kakang'ono ngati khosi la botolo. Ine monga mpongozi sindikanamuuza pamaso, ndiye ndinatuma Deolinda kuti ukawauze bambo a Yara kuti madzi saiwala khwawa. Yankho linabwera lakuti aliyense wamanga, nanga iwo alakwa chiyani. Zinali zoona ndithu. Ndisaname, mpandawo ndinkanyada nawo. Makasitomala anga onse ankadziwa kuti geti lobiriwira lija ndi la mwana wanga.

Zaka ziwiri zapitazo madzi ankafika pakhonde la Amélia, n'kukhalapo mpaka kapaipi kaja katawameza pang'onopang'ono. Iye sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankangokolopa, poti mpandawo unali wa mwana wa mnzake.

Tsiku loika maliro kunacha kotentha, kwa thukuta lija la ku Tete loti ungosamba uli kale wonyowa. Adzukulu aamuna analawirira kumanda, anakumba, n'kubwerako ndi mapiki ndi makasu awo. Ine ndinamusambitsa Amélia ndi sopo wonunkhira, ndinamuveka bulauzi yoyera ya kumpingo ndi kapulana yatsopano, ndinamumanga duku mmene ankakondera, mfundo kumbali. Bokosi tinaliika pamphasa m'sala, pabalaza paja, azimayi atalizungulira akuimba. Tinkangodikira lole. Dzuwa lili paliwombo, kumtunda kunada bii, mphepo inaomba kamodzi, kenako mvula inatsika ngati wina wagubuduza mgolo.

Poyamba palibe anadandaula. Ena anati ndi madalitso, malemu anali munthu wabwino. Ine ndinasuzumira pawindo la kumbuyo. Njira zonse zitatu zochokera kumtunda zinali zitasanduka mitsinje, yonse ikuthira pabwalo la Amélia, n'kukagunda mpanda wa Sebastião. Kapaipi kaja kanali katatsekeka kale ndi majumbo ndi matewera. Madziwo sanali madzi wamba ayi. Anali akuda, onyamula zinyalala za bairo yonse, ndipo zimbudzi za kumtunda zinali zitasefukiramo. Anakwera khonde, analowa pansi pa chitseko, ananyowetsa mphasa.

"Kwezani bokosi patebulo!" ndinakuwa motero.

Tinalikweza. Azimayi anaimirira, makapulana atawakwinyira m'mwamba, koma nyimbo sanasiye. Ine ndinakumbukira ntchito yanga, ndinagogoda pabokosi n'kunena kuti, "Amélia iwe, unkalira kuti udzafa usanaone nyanja ya ku Beira. Dzuka, yakulondola kunyumba!" Anthu anaseka, ngakhale mng'ono wake amene anali atakomoka kawiri anaseka. Koma ine maso anga anali pamiyendo ya tebulo. Madzi anali m'akakolo, posakhalitsa anali m'mawondo. Bokosilo linali la matabwa opepuka aja, oti akanyowa amafufuma ngati buledi, ndipo m'katimo munali mnzanga atavala zoyera.

Madalitso, mwana woyamba wa Amélia, bambo wa ndevu zake, anayesa kutuluka kutsogolo kuti aone ngati tingalinyamule. Anabwerera madzi atamufika pachifuwa. Anati njira yakumbika, munthu sungaone poponda, ndipo lole yaima kumsewu waukulu, singalowe. Kenako anandiyandikira, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Amayi Otília, mpandawo ndi wa kwanu."

Zikanakhala bwino akanandituka.

Ndinatulukira khomo la kumbuyo. Adzukulu aamuna aja anali atakwera pamulu wa mabuloko a munthu wina amene nayenso amafuna kumanga, mapiki ali m'manja, akungoyang'ana madzi ngati akuonera mpira. Wamkulu wawo anali a Venâncio, mnzathu wa ku Angónia, amene wakwirira theka la anthu a ku Matema.

"A Venâncio! Mapikiwo mwanyamulira chithunzi? Simukuona mpandawo?"

"Tikuuona, mayi."

"Nanga mukudikira kuti ukupatseni moni?"

Anapukusa mutu. Anati mdzukulu amagwira nkhuku ya aliyense, ngakhale mbuzi, ndipo palibe angamufunse. Koma mwambo sunanenepo za mpanda wa mabuloko. Umenewo ndi mlandu wa kupolisi, mwiniwake ali ku Moatize, ndipo mwiniwakeyo tonse tikumudziwa mtima wake. "Khoswe wakhala pamkhate, mayi. Ngati pali woti alankhule, ndinu."

Ndinawatukwana mawu amene sindingawabwereze pano, kenako ndinanyamuka. Ndinazungulira njira ya m'mbali, ndikugwira makoma a anthu, madzi akundikoka miyendo, patapata imodzi inapita. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinati ndikafika ndikamuuza Deolinda kuti ndinakubereka ine, unayamwa ine, ndipo Amélia anakubereka kumsana pamene tinkabwera kuchokera ku Malawi, lero ukamusiye asambe manyi chifukwa cha mabuloko? Mawu ndinali nawo odzaza dengu.

Ndinakankha geti lobiriwira lija. M'katimo munali dziko lina. Simenti ili mbee, mvula ikungotsetsereka n'kutuluka, maluwa ali m'zitini. Chitseko cha baraka chinali chotsegula, ndipo ndinaona matumba a shuga ndi a ufa atasanjidwa pansi mpaka kudenga, katundu amene anali atangopikula sabata yomweyo. Ndinakumbukira mwana wangayu akuyenda ndi kabokosi ka madzi oundana pamutu, dzuwa la ku Tete likumuwotcha, kusonkhanitsa kuti adzafike pamenepa. Ndinakumbukiranso kuti banja ndi lake, si langa, ndipo mkamwini akabwera n'kupeza mpanda uli pansi, wolandira mkwiyowo ndi iye. Abale anga, dengu lija la mawu linatayika lonse. Ine amene ndimathamangitsa akuba pamsika ndi lilime lokha.

Deolinda anali pakhonde, foni ili kukhutu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda patapata lija.

"Mama, mwabwera."

"Ndabwera kudzabwereka ndowa," ndinatero.

"Ndowa, Mama?"

"Eya, ndowa. Yokapira madzi."

Sanaseke, koma ndinaona kuti wandimvera chisoni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Anachotsa foni kukhutu n'kudina kuti mawu amveke. Anali Sebastião, ndipo zinaoneka kuti ayamba kale kukangana ine ndisanafike.

"Ndati usakhudze! Madziwo aphwa okha ngati chaka chatha. Ukudziwa kuti ndinagwira mausiku angati kuti mpandawo uime? Wina akaukhudza, ndikabwera tionana!"

Deolinda anatsika pakhonde, analowa mumvula, anakwera pamgolo umene unali pafupi ndi mpanda wa kumtunda, n'kutukula foni ija pamwamba pa mabotolo osweka, kuilozetsa kunyumba ya Amélia. Nyimbo ya azimayi inkamveka bwinobwino, yotopa koma yosaduka, ndipo pansi pake pankamveka madzi akuwomba khoma. Anaigwira choncho nthawi yaitali. Kenako anaitsitsa.

Foni inali zii. Ine ndinayesa yathima.

"Akuimbira kuti?" anafunsa Sebastião, mawu atasintha.

"M'sala. Madzi apitirira m'mawondo. Mayi Amélia ali patebulo."

"Amayi ako ali pamenepo?"

"Alipo, akumva."

Ndinamva chimakina chikulira kumbali kwake, wina akumuitana m'Chipwitikizi. Kenako anatsokomola.

"Muyambire kumunsi, mbali ya kumsewu, madzi apeze potulukira. Mukatero mupite kumtunda, pakona ya kuchimbudzi. Pamenepo simenti inandithera, ndinachulutsa mchenga, sipavuta." Anapuma. "Zimenezo musauze anthu. Ndipo iwe mayi a Yara, usaime kutsogolo kwake ukamagwa."

Mayo ine! Zaka zonsezi ndinkati mwana wanga anakwatiwa ndi nsapato zachitsulo, osadziwa kuti m'nsapatomo muli munthu. Pepani bambo a Yara, ndaulula za mchenga zija, koma nkhaniyi singakome popanda zimenezo.

Ndinaima pageti n'kukuwira a Venâncio. Anabwera ndi anthu awo, koma atafika anayambanso kukanda m'mutu. Anati iwo mawu a mwiniwake sanawamve ndi makutu awo, ndipo za pafoni munthu amakana mawa. Wina anati bwanji tiyambe tasamutsa katundu wa m'baraka, poti madzi akalowa adutsa pomwepo. Deolinda anayang'ana baraka yake, anayang'ana kumtunda.

"Tebulo la Mayi Amélia ndi lalifupi, ndimalidziwa," anatero. "Katunduyo tidzaona."

Analanda chihamala chachikulu m'manja mwa mnyamata wina wa a Venâncio, anamanga kapulana m'chiuno, anapita ku mpanda wa kumsewu. Kumenya koyamba chihamala chinadumpha, penti yokha ndiyo inagwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu buloko inalira, n'kung'ambika. Anatembenuka, tsitsi lili pankhope, n'kufunsa kuti, "Tsopano mlandu ndi wanga. Mukudikiranso chiyani?"

Amuna aja anachita manyazi, ndipo mwamuna wamanyazi amagwira ntchito ngati awiri. Kumunsi anaboola mpata woti ngolo ingadutse. Anathamangira pakona ya kuchimbudzi, ndipo zoonadi, pamenepo piki inkalowa ngati m'chigumu. Sanamalize n'komwe. Madzi anamaliza okha. Khoma linafufuma, linagwada, kenako linagwa ndi mkokomo umene anaumva mpaka kumsika. Kamchenga analowa pabwalo la mwana wanga ndi zinyalala zake zonse, anakokolola zitini za maluwa, anakankha chitseko cha baraka, analowa, anatuluka ndi mabotolo a mafuta ndi mipukutu ya sopo, n'kupita nazo kungalande ya kumsewu. Matumba a pansi ananyowa, a pamwamba anagwera m'madzi limodzilimodzi. Deolinda anaima pakhonde akuonerera, manja akutuluka magazi m'matuza.

Ine sindinathe kuyang'ana nthawi yaitali. Ndinabwerera kwa Amélia. M'sala madzi anali atayamba kale kutsika, akusiya mzere wakuda pakhoma. Mzere womwewo unali pamiyendo ya tebulo, ndipo pakati pa mzerewo ndi thabwa la pamwamba panatsala malo a chala chimodzi. Ndinauza azimayi kuti atembenuke, ndinatsegula bokosi. Bulauzi inali mbee, duku lili m'malo mwake, fungo la sopo lokhalokha. Ndinamukonza kolala ngakhale inali yokonzeka kale.

"Waona, mfiti iwe?" ndinatero. "Bairo yonse yanyowa, anthu agwetsa mipanda, iwe uli gone ngati mkazi wa bwana. Ngakhale kufa ukuvutitsa anthu ndi ukhondo wako."

Azimayi anaseka, ena anayambiranso kulira, ndipo nyimbo inakwera mwamphamvu.

Mvula inakata dzuwa litapendeka. Koma mavuto sabwera amodzi. Njira ya kutsogolo inali itasanduka chigwembe chakuya, choti anthu onyamula bokosi sakanadutsa. Lole inali kumsewu waukulu, ndipo njira yokhayo yofikira kumeneko inali kudzera pampata uja, kudutsa pabwalo la Deolinda. Akuluakulu anayamba kunong'onezana. Kwathu maliro a banja lina sadutsa pabwalo la munthu, amati ukuitana imfa pakhomo, ndipo pakhomo pamenepo pali mwana wamng'ono. A Venâncio anati mwina tidikire mawa, amuna akonze njira. Dikirani mawa, kutentha kwa ku Tete kuno? Madalitso anangogwira kumutu. Palibe analimba mtima kukapempha, nanenso sindikanatha. Mwanayo anali atapereka kale zokwanira.

Tikadali chiimire, Deolinda anatulukira pampata paja, akuponda zigumu za mpanda wake, matope mpaka m'ntchafu. Anafika kwa Madalitso, anawerama pang'ono monga mwa ulemu.

"Achimwene, dzuwa likupita. Dutsitsani amayi."

Mkulu wina anayamba kuti, "Mwana wanga, mwambo wake..."

"Ndikuudziwa, agogo. Maliro n'kulirana. Madzi a zimbudzi adutsa pabwalo panga lero, ndiye ndikanize Mayi Amélia?"

Tinamutulutsa Amélia pakhomo la nyumba yake, miyendo kutsogolo, amuna asanu ndi mmodzi atamunyamula pamapewa. Ine ndinali patsogolo monga mdzukulu, phazi limodzi lopanda patapata, ndikukuwa kuti pondani apa, samalani chitsulo icho. Tinalowa pampata. Bwalo lija la simenti yoyera linali matope okhaokha, ufa utasanduka phala pakhomo la baraka, ntchentche zitayamba kale kusonkhana pa shuga. Anthu amene anabwera kumaliro ankayang'ana uku ndi uku, ena akugwira pakamwa.

Deolinda anali atatsogola. Bokosi litayandikira, anagwada m'matope momwemo pafupi ndi baraka yake, manja otupa aja ali pamiyendo, mutu pansi, mpaka Amélia anadutsa. Sanayang'ane katundu wake ngakhale kamodzi.

Mayi wina wa ku Degue, amene ankapemphera ndi malemu koma ife sankatidziwa, anandikoka kapulana n'kundinong'oneza.

"Pepani mayi, amene wagwadayo, wagwetsa mpanda wakeyo, ndi mwana wa malemu?"

Iye anafunsa monong'ona, koma ine ndinayankha mokweza, kuti onyamula bokosi amve, a Venâncio amve, ndi oyendetsa lole kumsewu amve.

"Ayi, mayi. Ameneyo ndi wanga. Ndinabereka ine."